Wotchi Yotsalira ndi Yowonongeka

Amuna anga akhala akukonza mawotchi kuyambira tisanakwatirane, moti msewu wonse umangowatchula kuti a Mawotchi. Masiku ano anthu amaona nthawi pa foni, ndiye kashopu kawo kamangoti zii. Munthu akasowa chochita amayamba kuwerenga, ndipo ife mavuto anatilowera pamenepo.

Anapeza buku lonena kuti chinthu chikathamanga kwambiri, kuyandikira liwiro la kuwala, nthawi yake imayenda pang'onopang'ono. Anakwiya ngati wina wawatukwanira mayi awo.

"Wotchi yotsalira ndi yowonongeka," anatero. "Andibweretsere ndiitsegule."

Analemba pepala lotsutsa nkhaniyo, masamba ambirimbiri, n'kulitumiza ku magazini ina ya asayansi. Ine ndinawerenga tsamba loyamba tulo n'kundigwira. Mwana wathu wamkazi, amene ndi namwino, anayamikira mutu wa pepalalo basi.

Kumagaziniko ali ndi kachitidwe kawo. Pepala likafika amabisa dzina la mwini wake, n'kulipereka kwa katswiri wina kuti aliunike, ndipo dzina la katswiriyo amalibisanso. Ndi nkhonya za mumdima. Yankho litabwera, pepalalo linali litakanidwa, ndipo wounikayo analemba ndemanga yaitali yosanyengerera. A Mawotchi anaikhoma pakhoma pafupi ndi tebulo lawo la ntchito. Aliyense wobwera kudzasintha batire ankaimva kaye asanapatsidwe wotchi yake.

Mkati mwa nkhondo imeneyi mwana wathu anati abwera ndi chibwenzi chake Lamlungu. Mnyamata woyamba amene anabwera naye, bambo ake anamupirikitsa chifukwa anafika mochedwa.

"Amayi, uyu akamukananso, sindibweretsanso wina," anandiuza. "Ndidzakalambira pakhomo pano, mudzatope nane."

Munthuyo anafika nthawi isanakwane, wamtali, wa magalasi okhuthala, mphunzitsi wa sayansi ku yunivesite. Mumtima ndinamutcha Magalasi. A Mawotchi anamugwira dzanja, n'kulitembenuza kuti aone wotchi yake, n'kuiyerekeza ndi yapakhoma. Anagwedeza mutu mokhutira. Atamva kuti ndi wa sayansi, anathamangira kushopu n'kubwera ndi pepala lija pamodzi ndi ndemanga yake.

A Mawotchi atangowerenga mokweza mizere yoyamba ya pepalalo, kapu ya tiyi ya Magalasi inaima m'malere, pakati pa tebulo ndi pakamwa.

"Pali chitsiru china chobisala chimene chinakana zimenezi," anatero a Mawotchi. "Inu ndi ine tichiyankha. Ngati mukufunadi kulowa m'nyumba muno, tiyambire pamenepa." Ankavundula masamba. "Kodi paja pamene ndinafotokoza za sipuling'i ya wotchi ndi pati?"

"Chakumapeto, bambo, kuseri kwa chithunzi cha sitima," anayankha Magalasi.

A Mawotchi anapapeza n'kupitiriza kuwerenga, osazindikira kanthu. Koma ine maso ndili nawo. Mlendo wofika lero angadziwe bwanji tsamba limene ine mwini nyumba sindinalionepo?

"Achimwene, tabwerani mudzanditsegulire botolo kukhitchini kuno," ndinatero.

Titalowa ndinatseka chitseko. Botolo kunalibe.

"Chitsiru chobisala chija ndinu, eti?"

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi. "Mayi, dzina anali atabisa. Ndikanadziwa bwanji? Komanso lamulo lake ndi lakuti tisamadziulule."

"Mukanadziwa, mukanalivomereza?"

Anaganiza kaye. "Ayi. Ndi lolakwika."

"Ndiye kawauzeni."

"Andithamangitsa."

"Mwina. Koma mukabisa, Lamlungu lililonse muzidzakhala pampando uja mukudzitukwana nokha mpaka imvi. Amuna angawa nkhani saitaya."

Tinabwerera. Magalasi sanakhale pansi. Anaima ngati mwana wasukulu wogwidwa akubera mayeso.

"Bambo, ndemanga imeneyo ndinalemba ndine."

M'chipindamo munangotsala phokoso la mawotchi, ndipo kwathu alipo ambiri. Mwana wathu anayang'ana kudenga. A Mawotchi anayang'ana ndemangayo, kenako munthuyo, kenako ndemangayo.

"Munaliwerenga lonse?"

"Lonse, bambo. Ndinabwerezanso."

"Ndi za sipuling'i zomwe?"

"Pamenepo munalemba bwino kwambiri. Ndinanena m'ndemangamo, chakumunsi."

"Chakumunsi sindifikako, ndimakhala nditapsa mtima kale." Anatembenukira kwa ine. "Mwamva, mayi a mwana? Lonse. Inu munagona patsamba loyamba, mkonono mpaka kumsewu. Uyu ndinabereka ndekhayu anangoti mutu wake ndi wokongola."

"Unalidi wokongola, ababa."

"Khala chete. Inu khalani pansi, mundiuze pamaso zimene munkanena mumdima."

Magalasi anatenga mbale ziwiri za pansi pa makapu. Ina anaiika patebulo, ina anaigwira m'mwamba.

"Tiyerekeze kuti awa ndi akalilole awiri m'sitima, wina pansi, wina kudenga. Kuwala kukudumpha pakati pawo, ndipo kukagunda kalilole, wotchi yathu yati tiki. Wokwera sitimayo akuona kuwala kukukwera ndi kutsika molunjika. Koma inu mwaima panja, sitima ikudutsa." Anayendetsa mbalezo cham'mbali. "Kwa inu kuwalako kukuyenda mopendekeka, njira yatalika."

"Ndiye kuthamange kwambiri kuti kufike pa nthawi yake."

"Pamenepo ndi pamene pagona nkhani, bambo. Kuwala sikuwonjezera liwiro. Aliyense akakuyeza, woima kaya wothamanga, amapeza liwiro limodzimodzi. Njira ikatalika, tiki uja achedwa basi."

"Wotchi ya akalilole si wotchi. Ilibe ndi mano omwe."

"Ngakhale yanu ya mano ingachedwe chimodzimodzi."

"Yokonza ine?"

"Yokonza inu."

A Mawotchi anaseka mpaka kutsokomola. Ndinali ndisanawamve akuseka chotero chibwerere yankho lija. Analanda mbale imodzi n'kuyamba kuyendetsa sitima yawo chobwerera m'mbuyo, shuga n'kutayikira pansalu yanga yatsopano.

"Sindinavomere," anatero pomaliza. "Mubwere Lamlungu, ndikhala nditakonzeka."

"Ababa, nanga za ife?" anafunsa mwana wathu.

"Za inu zotani? Ukwatiwe naye msanga asanathawe. Ukuganiza kuti pepala lachiwiri adzandiwerengera ndani?"

Magalasi anandiyang'ana ngati munthu amene wapulumuka ku ng'ona n'kupeza kuti mtsinje wina uli kutsogolo. Sindinamumvere chisoni. Anafuna yekha sayansi.

Tinatolera makapu, koma mbale ziwiri zija anatikaniza. Tili kukhitchini tinkawamva akukangana za sitima, wamkulu akumenya tebulo, wamng'ono akuti "pepani bambo, koma ayi."

"Amayi, atha nthawi yanji amenewa?"

"Kwa iwo padutsa kamphindi chabe," ndinatero. "Ife oima panjafe ndi amene tikalambe. Tenga nsalu upukute makapuwo."