Bambo a Wayilesi Abwerera M'gulu la Makolo

Mwana wathu wamkazi anafika kuchokera kusukulu, n'kuponya chikwama pampando osanena kanthu. Ndinadziwiratu kuti zavuta. Mwana ameneyu timamutchula Wayilesi chifukwa pakamwa pake sipatsekeka, ndiye akati zii, dziwani kuti pali nkhani.

"Chavuta n'chiyani, mwanawe?"

"Amayi, aphunzitsi andisankha kuti ndikayimire sukulu pa mpikisano wa mtsutso. Koma akuti kholo langa likapanda kuyankha pofika mawa m'mawa, atenga wina."

"Kuyankha chiyani?"

"Uthenga umene analemba pa gulu la makolo. Akuti mwana sakwera basi kholo lake lisanavomereze lokha. Makolo a anzanga anayankha kalekale. Ababa ndinawauza, anangoti aona."

Mtima wanga unalumpha kawiri, koyamba ndi chimwemwe, kachiwiri ndi mantha. Kusukulu kwawo kalasi iliyonse ili ndi gulu la pa foni, momwe aphunzitsi amatumiziramo mauthenga kwa makolo. Ife tinapereka nambala ya amuna anga okha, poti ndiwo mutu wa banja. Ndinamugwira dzanja mwanayo, ulendo wa ku babashopu kumene bambo ake amameta anthu.

Tinawapeza ali pakati pa ntchito, makina akulira, tsitsi lili mbwee pansi. Kasitomala anali atavekedwa nsalu m'khosi, mutu utametedwa mbali imodzi.

"Bambo a Wayilesi, tatsegulani gulu la makolo tione."

Anazimitsa makina n'kuyamba kupukuta galasi lomwe linali loyera kale.

"Gulu lija? Ndinatulukamo."

"Mwati bwanji?"

"Amayi, foni inkangolira ngati mwanapiye wosochera. Uyu akutsatsa nsapato, uyu watumiza maluwa a mwadzuka bwanji, uyu galu wake wasowa. Tsiku lina ndinatsala pang'ono kudula khutu la munthu."

Kasitomala uja anagwira khutu lake. Ine ndinapsa mtima, sindibisa. Mwana wakhala akuyeserera kulankhula pamaso pa ndowa ndi mapoto mwezi wathunthu, lero mwayi wake uthere pa maluwa a mwadzuka bwanji?

Mwamwayi khoma la babashopu ndi la malata. Amake mapasa, telala wa khomo loyandikana, anamva zonse. Ana awo ali kalasi imodzi ndi Wayilesi. Analowa tepi ili m'khosi, foni ili m'manja, akuseka.

"Aneba, inu munathawa nyumba chifukwa cha udzudzu, pomwe anzanu anagula neti. Taonani apa."

Anatisonyeza foni yawo. Aphunzitsi nawonso phokoso lija linawatopetsa, choncho anakonza malo awiri. Amodzi ndi ocheza makolo, ndipo munthu akhoza kuwatseka kulira popanda kutulukamo. Enawo ndi a zidziwitso, momwe amalembamo aphunzitsi okha: ntchito yokachitira kunyumba, tsiku la mayeso, kusintha kwa nthawi yoweruka. Uthenga wa mpikisano unali pamwamba penipeni, dzina la mwana wathu lili poyera.

"Komanso aphunzitsi anakuimbirani, aneba. Anandifunsa ngati munasintha nambala."

"Nambala yachilendo ine sindiyankha ndikamagwira ntchito," anatero amuna anga, mawu atatsika. "Nanga tsopano ndikapempha kubwerera, makolo onse saona? Andiseka."

"Manyazi adapha lambe," anatero amake mapasa. "Nambala ya aphunzitsi ndi iyi. Atumizireni uthenga paokha. Munene dzina lanu, dzina la mwana, ndi zimene mukuvomereza. Ngati kulemba kukuchedwetsani, dinani apa mulankhule, iwo amva mawu anu."

Abale, mukanawaona bambo a Wayilesi. Anavula epuloni, anakonza kolala, anapesa ndevu, ngati aphunzitsiwo awaona. Kenako anakhosomola n'kudina.

"Aphunzitsi, ndine bambo a mtsikana amene mwamusankha pa mtsutso uja. Pepani ndinatuluka m'gulu, ndinalakwitsa. Ndavomera ndi mtima wonse kuti apite. Chonde ndibwezereni m'gulumo."

"Ndipo muwauze bambowa adzamalize kumeta mutu wanga," anawonjezera kasitomala, mawu ake n'kulowa nawo mu uthengawo.

Tinaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha. Yankho silinabwere. Wayilesi anakhala pabenchi maso ali pa foni. Bambo ake anafuna kuimba, amake mapasa n'kuwagwira dzanja.

"Dekhani. Panopa ali ndi kalasi ya masana. Anatiuza kuti amayankha akaweruka, dzuwa lisanalowe. Nawonso ndi munthu, ali ndi banja lawo."

Anametedwa anthu ena awiri, ine ndili chilili pakhomo. Kenako foni inalira. Wayilesi ndiye anayamba kuifikira.

Anali mawu a aphunzitsi, odekha bwino: "Zikomo bambo, ndamva, ndipo kasitomala wanunso ndamumva. Malo a mwana alipo. Ndakubwezerani m'gulu. Munditumizirenso nambala ya mayi ake, kuti wina akatanganidwa, wina aziona."

Mwana uja analumpha mpaka kugunda shelefu ya mafuta odzola. Ine ndinalulutira, amake mapasa akuvina ndi tepi yawo. Nambala yanga inalowa m'gulu tsiku lomwelo.

Kuyambira pamenepo zinthu zinayenda mwina. Aphunzitsi anatumiza mitu yoti ana ayeserere, nthawi yonyamukira basi, ndi zoti mwana avale. Nditafunsa ngati atenge juzi, anandiyankha madzulo omwewo. Ndinadabwa kuti zonsezi zinkatidutsa chonchi.

Tsiku la mpikisano ndinakakhala ku babashopu. Chakumasana mafoni athu awiri analira pamodzi. Aphunzitsi anali atatumiza kavidiyo. Tinaunjikana pa foni imodzi, makasitomala, amake mapasa, ngakhale wogulitsa makala wa patsidya. Ndiye uyo mwana wathu, wayima kutsogolo kwa holo yodzaza, akuyala mfundo imodzi ndi imodzi mopanda mantha, anthu akuwomba m'manja. Pansi pake aphunzitsi analemba kuti sukulu yathu yapambana, ndipo ipita ku gawo lotsatira.

Bambo ake anaonera kavidiyoko, anakabwereza, n'kukabwerezanso, misozi ili chuchuchu.

"Mwana wanga ameneyu," ankauza aliyense wolowa. "Ndikanamutsekera khomo ndi chala changa chomwechi."

Makolo anzanga, gulu la pa foni la kusukulu si locheza chabe, ndi njira imene aphunzitsi amatifikira. Musatulukemo. Phokoso likachuluka, tsekani kulira kwa macheza, koma zidziwitso za aphunzitsi muziziona tsiku lililonse. Perekani nambala za makolo onse awiri, kapena ya wina amene amakhala ndi mwanayo. Malonda ndi moni wa maluwa tumizani kwina. Ndipo aphunzitsi akafunsa, yankhani msanga, chifukwa basi ikanyamuka ndi mwana wina, wotsala pamsewu ndi wanu.