Timadontho Tiwiri pa Kompyuta ya Amâncio

"Zapita, mana. Zithunzi zonse zapita," anatero Amâncio kwa mlongo wake, atagwira kumutu.

Amâncio anali wojambula zithunzi ku Tete, ndipo ntchito yake yonse ankaisunga pa seva, kompyuta yaikulu yosungira mafayilo, ya ku Maputo. Masiku onse akalumikiza kompyuta ku sevayo, pulogalamu yoonera mafayilo inkamufikitsa m'foda ya zithunzi. Koma dzulo lake anali ataika pulogalamu yatsopano, ndipo m'mawa umenewu inamutsegulira foda yopanda kanthu ngati mbale yotsuka.

Pa benchi panali Dona Felismina, atavala zakuda, akudikira chithunzi. Mawa lake kunali Misa yokumbukira amuna awo, ndipo chithunzi chokhacho chimene malemuwo anamwetulira anawajambula ndi Amâncio. Cha kunyumba chinapita ndi madzi osefukira.

"Ngati chasowa ingondiuzani, mwanangu," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Kutaya ndinakuzolowera."

Mawuwo anamulasa mtima Amâncio. Zulmira, mlongo wake wamkulu amene ankasoka zovala m'chipinda chomwecho, anasiya makina n'kudzasuzumira.

"Nanga timadontho tiwiri tili pamwambato n'tachiyani?"

"Ntchentche zanyerapo. Ndapukuta kawiri ndi malaya, sitikuchoka."

"Iwe, ntchentche yake iti yonyera m'kati mwa galasi? Tadinapo!"

"Mana, za singano n'zina, za kompyuta n'zina."

"Safunsa anadya phula. Dina!"

Anadina monyinyirika. Nthawi yomweyo panabwera mafoda ndandanda, ina yolembedwa kuti Fotos. Timadontho tija tinali khomo lobwerera m'mbuyo. Pulogalamu yatsopanoyo sinkadziwa kumene mwini wake amafikira, choncho inangomusiya m'foda imene seva imapatsa munthu akamalowa. Munthu wamkulu ndithu, anatsala pang'ono kulira maliro a zinthu zoti zili pakhomo lachiwiri!

Chithunzi cha malemuwo chili m'kati motuluka m'makina osindikizira, Amâncio anailembera pulogalamu ija kuti izifikira ku Fotos nthawi zonse.

"Ntchentche zija uzithokoze," anatero Zulmira akubwerera ku nsalu zake.

Dona Felismina analandira chithunzicho ndi manja awiri, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndi omwewa. Tsiku limeneli ndinawanena kuti taye wapindika, n'chifukwa chake akuseka."

Anachikulunga bwinobwino m'nsalu yawo, osachipinda, n'kutuluka atachigwirira pachifuwa. Pofika pakhomo, nawonso anali akuseka.