Ankhoswe Adikire Panja

"Nanga ankhoswe athu akhala pati?" anafunsa a Amiri ali pakhomo la kalasi.

Rute, mtsikana amene ankayendetsa kafukufuku wa yunivesite ku Chia, anayang'ana mipando iwiri imene anaika patsogolo pa kamera, kenako anayang'ana anthu anayi amene anabwera.

A ku yunivesite ankafuna kudziwa mmene mwamuna ndi mkazi amakambirana nkhani yowavuta. Banja lizikhala lokha, kamera izijambula nkhope, kuti pambuyo pake aone amene wamwetulira, amene wachita tsinya, amene wayang'ana kumbali. Rute anafotokoza zonsezi pamsonkhano. Chimene anaiwala n'chakuti munthu wa ku Chia ukamuitanira nkhani ya m'banja, amabwera ndi nkhoswe.

Nkhani ya a Amiri ndi akazi awo a Rahila inali yodziwika mudzi wonse. Bamboyo ankafuna kusamutsira bwato lake ku Ngala, kumene kunali mayi wina woti amukwatire wachiwiri. Ankhoswe anali ataikamba kale, ndipo a Rahila ankawalankhulira ndi amalume awo, a Ibrahimu.

"Pepani, malamulo a kafukufuku salola munthu wachitatu," anatero Rute.

"Akayamba kutukwanana awaletsa ndani, kamerayo?" anafunsa a Ibrahimu. "Munakwatiwa inu?"

"Ayi."

"Eya."

"Amalume, tadikirani panja," anatero a Rahila chapansipansi. "Mwanayu angamuchotse ntchito."

Rute anakumbukira kuti pamsonkhano paja mayi yemweyu ndiye anayamba kuimika dzanja kuti banja lake lilembedwe. Ankhoswe awiriwo anakakhala patsinde la mango. Rute anayatsa kamera n'kukhala pakona.

A Rahila ankayang'ana mapazi a amuna awo. Rute anadziwa kuti a ku yunivesite adzati mayiyu ndi wamantha.

"Bambo a Sharifa, ku Ngala udzudzu uliko?" anafunsa a Rahila.

"Uliko."

"Mukadwala malungo mumakana phala, mumafuna madzi a mandimu. Mayi a kumenekowo mukawauziretu."

"Ndi zimene munandibweretsera kuno?"

"Ayi. Amalume anakuuzani kuti ndavomera. Sindinavomere. Kukuletsani sindingakuletseni, koma ndimafuna mumve kuchokera pakamwa panga."

A Amiri anavula kofia n'kuyamba kuizunguza m'manja. Analoza kamera ndi chibwano.

"Chikumva chimenechi?"

"Chikumva."

"Mukanandiuza kunyumba."

"Kunyumba ndikati ndiyambe, mumayatsa wailesi."

Bamboyo anaseka pang'ono, kenako anasiya. Anawayang'ana akazi awo kwa nthawi yaitali, iwo osadzutsa nkhope. Panja a Ibrahimu anatsokomola mokweza, kukumbutsa kuti alipo.

Nthawi itakwana Rute anazimitsa kamera. Linatsala funso lomaliza limene ankafunsa banja lililonse.

"Bambo, panopa mumtima mukumva bwanji?"

A Amiri anavala kofia ija, anaimirira, n'kupita pawindo pamene pankaonekera ankhoswe.

"A Ibrahimu," anatero, "bwato likhala pa Chia pompano."