Okalamba Odzuka Mofanana

Chimene chinayamba kumudabwitsa namwino wina chinali chaching'ono: okalamba onse anayamba kudzuka pampando mofanana.

Iye ankachita kafukufuku wa payunivesite, koma ntchitoyo ankaigwirira pachipatala, m'kachipinda koyandikana ndi kumene odwala khansa amalandirira mankhwala a m'diripi. M'kachipindamo munali mpando wokhala ndi zogwirira m'mbali, mzere wa tepi yofiira pansi, ndi wotchi. Wokalamba aliyense asanayambe mankhwala ankakhala pampandopo, n'kudzuka, kuyenda mpaka pa tepi, kutembenuka, n'kudzakhalanso. Namwino ankaona mphamvu zimene zatsala m'thupi, n'kukauza dokotala. Wolimba ankapatsidwa mankhwala onse, wofooka ankamuchepetsera, chifukwa mankhwala a khansa alibe chisoni, amatha kugwetsa munthu matendawo asanamugwetse.

Kale aliyense ankadzuka mmene thupi lake lafunira. Wina ankabuula, wina ankagwira bondo, wina ankayamba waitana Mulungu. Koma tsopano onse ankakokera mapazi kunsi kwa mpando, kupinda manja pachifuwa, kuweramitsa mutu, kutulutsa mpweya kamodzi, n'kuima nji. Akafika pa tepi onse ankatembenukira kumanzere. Ngakhale agogo amene analowa atatsamira mpongozi wawo anadzuka ngati msilikali waona bwana.

Pulofesa woyang'anira kafukufukuyo atamva anasangalala. "Ndiye kuti okalamba athu ndi olimba," anatero. Koma namwino mtima sunakhale pansi. Awiri mwa amene anadzuka mokongola chonchi anali atagonekedwa kale kuwodi, mankhwala atawafoola mpaka kulephera kunyamula kapu.

Tsiku lina anafunsa mayi wina wokalamba atangomaliza kuyenda.

"Agogo, kudzuka kumeneku munakuphunzira kuti?"

"Ndinabadwa nako, mwanangu," anayankha agogowo, maso ali kudenga.

Munthu wamkulu akanama, iwe umangoti zikomo. Namwino anathokoza, koma anaona kuti agogowo thukuta linali kamukamu asanayambe n'kuyenda komwe, chonsecho benchi yodikirira inali pamthunzi. Kodi anthuwa ankatopera kuti?

M'mawa mwake analawira. M'malo molowa m'kachipinda kake, anazungulira chipatala akutchera khutu, mpaka anamva kulira kwa wenzulo, kotsika, ngati woimbayo akuopa kudzutsa mwana. Anatsatira kulirako kuseri kwa nyumba yoperekera mankhwala, kumene amaunjika mabedi othyoka. Kumeneko anapeza mpando, mzere wojambula ndi choko, okalamba ali pamzere, ndipo patsogolo pawo pali bambo wamtali wowonda, wenzulo ili m'khosi.

"Mapazi m'mbuyo. Mphuno patsogolo. Manja asakhudze mpando, akuona zimenezo. Nanga akakufunsani ngati munagwapo, mukuti chiyani?"

"Sitinagwepo," anayankha onse pamodzi ngati ana a sukulu.

Namwino anafuna kuseka, koma analeka atayang'anitsitsa bambo wa wenzulo uja. Bamboyo ankamudziwa. Anali mphunzitsi wa masewero wopuma ntchito, ndipo pachipatala ponse ankangowatchula kuti a Wenzulo. Chaka chatha ankabwera ndi akazi awo, amene anamwalira ndi khansa. Tsopano matenda omwewo anali atawapeza iwonso m'matumbo, ndipo tsiku lawo lokhala pampando wa namwino linali lomwelo.

Okalamba atamuona anabalalika mwakachetechete, aliyense akunamizira kuti amafuna chimbudzi. A Wenzulo okha ndi amene anatsala.

"Mwatigwira, a sisitala."

"Ine si wapolisi, bambo. Ndangofuna kudziwa kuti sukulu imeneyi munaitsegulira chiyani."

Bamboyo anakhala pabedi lothyoka, n'kuyamba kupukuta wenzulo ndi chala.

"Mayi a kunyumba analephera mayeso anuwa. Ine ndinali pakhomo, ndikuona. Amene analowa patsogolo pawo atamaliza, munawaombera m'manja, 'Mwakhoza, agogo.' Mayi atadzuka movutika, simunaombe. Munangowerama n'kumalemba. Kenako anawapatsa mankhwala ochepa, ndipo lero kulibe. Ine ndakalambira pabwalo la masewero, mwanangu. Ndimadziwa kuti wochedwa amamuchotsa mu timu."

Namwino anachita manyazi mpaka kumva kutentha m'makutu. Kuomba m'manjako palibe anawalamula. Anamwino onse a kafukufuku ankachita zimenezo, pofuna kusangalatsa odwala amene abwera ndi mantha. Palibe anaganizapo kuti wodikira pakhomo amamvanso pamene manja sanaombedwe.

"Kuomba m'manja kuja tinalakwitsa ndife," anatero. "Koma mayi sitinawachotse mu timu. Sindinganame kuti ndikudziwa tsiku limene akanapita. Chimene ndikudziwa n'chakuti thupi lawo silikanapirira mankhwala onse. Miyezi ija munkabwera nawo, akukukalipirani pabenchi kuti mwaiwalanso chipewa, mankhwala ochepawo ndi amene anawalola kuyenda ndi miyendo yawo."

Namwino anapitiriza.

"Ophunzira anu awiri ali kuwodi panopa. Tinawapatsa mankhwala a munthu wolimba, chifukwa anatidzukira ngati olimba."

"Mayi a duku lobiriwira aja?"

"Ndi mmodzi wa iwo."

"Amene aja ankaposa onse," anatero bamboyo chapansipansi. Anakweza dzanja kuti apukute nkhope, ndipo mkono wa malaya utatsetsereka, namwino anaona chigongono chotupa, chakuda bii. 

Dzuwa litakwera, nthawi ya a Wenzulo inakwana. Analowa m'kachipinda muja atakweza mapewa, n'kukhala pampando. Mapazi anapita m'mbuyo okha, manja n'kupindika pachifuwa. Namwino anagwira wotchi, koma sanaiyambitse. Ankadziwa kuti bamboyu akadzuka monga amaphunzitsira, dokotala awalembera mankhwala onse, ndipo sabata yamawa bedi lachitatu kuwodi likhala lawo.

"Bambo, kudzuka kwa kuseri kuja ndakuona kale, ndipo n'kokongola. Ndikufuna kuona kwa kunyumba, mmene mumadzukira m'mawa popanda wokuonani."

"Kumeneko si koonetsa anthu."

"N'kumene dokotala akufunika kudziwa."

"Ndikakuonetsani, simundibweza kuti ndikafere kunyumba?"

"Mankhwala mulandira. Tikungofuna akhale oti thupi lanu lingawanyamule."

A Wenzulo anamuyang'ana nthawi yaitali, monga mmene mphunzitsi amayang'anira mwana amene akuti homuweki waiwala kunyumba. Namwino anali ndi mantha. Akanafuna kumunamiza, bamboyu luso anali nalo, ndipo wotchi ikanawavomereza.

Kenako a Wenzulo anavula wenzulo m'khosi n'kuiika patebulo. Anamasula manja, nagwira zogwirira za mpando.

"Yambitsani."

Anakankha, thupi linakwera pang'ono, n'kubwerera pampando. Anapuma. Anakankhanso, mikono ikunjenjemera, mpaka anaima chowerama, dzanja limodzi likufufuza khoma. Anayenda pang'onopang'ono, akukoka phazi lamanja, nsapato ikukhula simenti. Namwino anasiya kuyang'ana wotchi, n'kumayang'ana munthuyo.

Atafika pa tepi yofiira sanatembenukire kumanzere monga ankaphunzitsira anzawo. Anaima, natambasula dzanja cham'mbali, m'malere, ngati pali chinthu chimene chimayenera kukhala pamenepo. Dzanjalo silinapeze kanthu.

"Potembenuka ndinkagwira phewa la mayi," anatero, osacheuka. "Anthu pabenchi paja ankaona ngati ndine ndikuwagwiriziza. Mayi sanaulule mpaka kupita."

Namwino chisoni chinamugwira.

"Mulembenso kuti ndinagwa. M'bafa, Lamlungu lapitali. Mwana wanga wamkazi ndinamuuza kuti ndinagunda chitseko." Anapuma pang'ono. "Ndipo anthu anga aja muwaitanenso onse, adzayambirenso. Ndikawauza ndekha, inu sangakumvereni."

"Chabwino, bambo."

Anali adakali pa tepi paja, dzanja lili m'malere, miyendo ikugwedezeka. Namwino anaika wotchi patebulo pafupi ndi wenzulo, anapita kukaima kumanzere kwawo, n'kusendeza phewa lake pansi pa dzanjalo. Linali lolemera kuposa mmene ankaganizira.

"Wotchi ija ikuyendabe?" anafunsa a Wenzulo.

"Ikuyenda."

"Isiyeni iyende," anatero, ndipo anayamba kutembenuka.