Ng'oma Imene Lackson Sanamalize

A Blackson anali atazula kale mawaya a kompyuta pamene Salome ankalowa ndi tiyi. Katoni ndi chingwe anali ataziika pampando wapakona. Maliro a mng'ono wawo Lackson, mwamuna wa Salome, anali asanazizire n'komwe, koma iwo maso anali pa makinawo. Ankafuna akafufute zonse zam'kati, azikakoperapo nyimbo pa ma CD kugolosale kwawo ku Bvumbwe.

Salome mtima unamuwawa zedi, ndipo osati chifukwa cha chitsulocho ayi. Lackson, kalaliki wa pa esiteti, anathera zaka zake zomaliza akupanga pulogalamu yoti munthu akadina batani, kompyuta izilira ngati ng'oma ya tchopa. Inali isanathe. Ndiye Lacksonyo anali ndi khalidwe lakelake: ankayenda m'minda ya tiyi, kutchalitchi, ngakhale pasiteji ya minibasi, kupempha anthu kuti abwere Loweruka adzaiyese. Oyamikira sankawafuna. Ankati munthu wongoyamikira n'chimodzimodzi sanabwere.

Mwana wa malemuyo, Miriam, amene ankaphunzira za makompyuta ku Blantyre ndipo ankathandizana ndi bambo akewo, anapempha kuti makinawo atsale, amalize ntchitoyo. A Blackson anangoti katundu wa mwamuna amabwerera kwawo, basi, mwambo suopa sukulu.

Ali mkati mokulunga mawaya, pakhomo panamveka odi. Anali a Magdalena, otchola tiyi, mayi amene pakamwa pawo ngakhale akapitawo ankapaopa. Kumaliro anabwera, analira nawo, koma tsiku limeneli anadzera zina.

"Malemu anandipempha kuti Loweruka lino ndidzayese ng'oma yawo," anatero. "Ndinavomera iwo ali moyo. Ndiye ndabwera."

Kubweza mlendo panyumba yamaliro n'kovuta, choncho a Blackson anangowalowetsa. Miriam sanachedwe, analumikizanso mawaya n'kuwaonetsa mayiwo podina. A Magdalena anadina ndi chala chawo chokhakhala, anadinanso, khutu lili tcheru.

"Aa, bodza ili. Iyi si ng'oma, ndi chidebe."

A Blackson anadzuka atapsa mtima. Kunyoza womwalira dothi la pamanda lisanaume? Koma Salome chiseko chinamupulumuka, koyamba chiikireni maliro, kwinaku misozi ili chuchuchu. Anawauza alamu akewo kuti Lackson akanakhalapo bwenzi atawagwira chanza mayiwa, mwinanso kuwaphera nkhuku. Ndipo poti pakamwa panali patatseguka, ananena zimene anakhala akuzisunga.

"Alamu, ng'oma imene bambo a Miriam ankaisakasaka ndi ya bambo anu ija, imene inadyedwa ndi chiswe ku Changata. Iwo anali aang'ono, kaliridwe kake sanakagwire bwino. Ankati amene mukuikumbukira ndinu nokha. Anakuitanani kangati?"

A Blackson yankho lawo Salome ankalidziwa: nthawi zonse ankati golosale ilibe wousiyira, ndiponso zoseweretsa za ana alibe nazo nthawi.

A Blackson anaima pomwepo, mawaya otsala ali m'manja. Kenaka anatsitsa katoni ija pansi n'kukokera mpandowo kutsogolo kwa kompyuta. Salome anagwira pakamwa. Mpando umenewo Lackson ankaupukuta Loweruka lililonse, n'kumaletsa aliyense kukhalapo, ati ngwa achimwene.

A Blackson anakhalapo. Anadina batani ndi chala chimodzi, mwamantha ngati liwawotcha. Anadinanso, n'kutsinzina.

"Iyayi," anatero chapansipansi. "Ya bambo inkalira mozama, munthu unkachita kuimva m'mimba. Miriam, tatsitsa pang'ono."

Miriam anatsitsa. A Blackson anadinanso, anapukusa mutu, n'kusendeza mpando pafupi. Salome anatola chingwe chija, anachipachika kuseri kwa chitseko, n'kunyamula tiyi uja kukamutenthetsanso.