Msomali wa Wotchi ya Bambo

"Kodi wotchi ija wachotsa ndani?" amayi anafunsa.

Amalume anali kalikiliki kumanga wailesi ndi chingwe, azakhali akupinda makatani. Bambo atamwalira, tinalandira uthenga woti kubwera munthu wa msonkho kudzaona chuma chamasiye. Amalume, omwe chibadwire sanapondepo mu ofesi ya msonkho, anatsimikiza kuti katundu akaoneka wambiri msonkho ukwera, mpaka amayi agulitsa nyumba kuti alipire.

"Tinene kuti zonsezi malemu anagawa ali moyo," anatero. "Mphatso ndi mphatso. Akangopita wa msonkhoyo, tibweza."

Ndinayesa kutsegula pakamwa.

"Digiri yako ndi ya nthaka, mphwanga. Nyamula mpandowo."

Ndinanyamula. Bambo, munthu amene ankabisa ngakhale mabatire a tochi, anasanduka wopatsa atagona kale m'manda.

Wa msonkho anali mayi wamfupi, wa nsapato zafumbi. Akamayenda, mapazi ake ankamveka m'zipinda zonse. Pabalaza anaima n'kuyang'ana timadontho tinayi topanda polishi pomwe pankakhala miyendo ya mpando wa bambo. Kenako anayang'ana pakhoma, pomwe panali msomali wa wotchi ija ndi bwalo loyera kusiyana ndi penti yonse.

"Malemu anali ndi mtima wabwino," azakhali anafulumira kunena. "Anatigawira zonse. Si choncho, mlamu?"

"Ndi choncho," amayi anatero.

"Mipando ndi mawailesi akale sizisintha zambiri, mayi," anatero wa msonkho uja, akuyeza khoma ndi tepi. "Chachikulu ndi nyumba ndi malo."

Msonkho wake unatuluka wochepa, woti tikhoza kulipira pang'onopang'ono. Nyumba inapulumuka. Katundu ndiye sanabwerere.

"Si munavomera nokha pamaso pa boma kuti achimwene anandipatsa?" azakhali anandiuza nditapita kukafunsa. "Ufuna ndikhale wabodza?"

Wotchi aliyense anaikana.

Madzulo alionse, nthawi yomwe bambo ankafika kuchokera kuntchito, amayi ankakweza maso kuyang'ana bwalo lija, n'kudzuka kukateleka madzi. Pokolopa ankalambalala timadontho tija ngati pali munthu watambasula miyendo. Ine ndinkawaseka chamumtima, mpaka tsiku lina masana ndikusita zovala ndinamva kugunda kwa wotchi. Ndinazimitsa ayironi kuti ndimvetsere. Kunkachokera pamsomali. Sindinauze munthu.

Tsiku lomwe tinamaliza kulipira, ndinafika ndi lisiti n'kupeza amayi ataimirira pabalaza.

"Amayi, zatha. Nyumba ndi yanu tsopano, palibe angakutulutseni."

"Wayankhula mokweza," anatero, maso ali pakhoma, khutu atatchera kumsomali.

Ndinadikira. Anandilandira lisiti lija, nalipinda, nalibaya pamsomali.

"Mawa ukapeze munthu wogula nyumbayi."