Takumvani, Musade Nkhawa

Ntchito ndinaiyamba nditangovula yunifolomu, zotsatira za mayeso zisanatuluke n'komwe. Ofesi yathu inali chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo ya matayala: makompyuta anayi ndi fani yolira ngati ikudwala. Tinkasamala tsamba la pa intaneti limene odwala impso amapempherapo galimoto yowatengera kuchipatala kukatsukidwa magazi.

Wondiphunzitsa ntchito aliyense ankamutchula Wamagalasi. Ndinkamukonda chamumtima, moti makatani a m'nyumba yathu ndinali nditasankha kale, mwini wake asakudziwa kanthu. Iye ankanditchula Wandakatulo chifukwa cha kope limene ndinkabisa pansi pa kiyibodi.

Lolemba anandifotokozera kuti tsamba lathu linamangidwa pa chimango chopangidwa ndi anthu ena, ndipo chimangocho chimabwera ndi mauthenga akeake, ouma ngati kalata ya kukhoti. Anatsegula fayilo ina n'kundionetsa kuti ukalembamo dzina la uthenga ndi mawu ako, tsamba limasiya mawu a chimango n'kumaonetsa akowo. Anati ndiyambe ndi ting'onoting'ono, ndipo chilichonse ndizimuonetsa ndisanatumize.

Sindinamuonetse. Ndinkafuna adzazipeze yekha, avule magalasi, andiyang'ane.

Uthenga umene unkandinyansa kwambiri unali wotuluka pempho likakanika kusungidwa: "Zalephereka. Pempho silinalandiridwe." Ndinaganizira munthu wotupa miyendo akuwerenga zimenezo ali yekha m'chipinda. M'malo mwake ndinalemba anga: "Takumvani. Musade nkhawa, zonse zikhala bwino." Ndinadina batani, n'kuweruka ndikuimba.

Malume anga, amene anandilera mayi atamwalira, ndi mmodzi mwa odwalawo. Kale ankaimba foni, koma ine ndinawaseka kuti zimenezo n'zachikale, n'kuwaphunzitsa kudzaza fomu. Lachiwiri madzulo tikudya, anati galimoto ya mawa apempha kale, ndipo makompyuta a masiku ano ali ndi ulemu kuposa mwana wa mlongo wawo. Anatulutsa foni, kuitalikitsa ndi maso, n'kuwerenga mawu anga pang'onopang'ono ngati vesi. Ndinatsala pang'ono kulira ndi kunyada. Sindinadzifunse kuti mawuwo amatuluka pakachitika chiyani.

Ndinadzifunsa Lachitatu, naini koloko itadutsa, nditaona mndandanda wa otengedwa tsikulo pa sikirini ya Wamagalasi. Mayina anali asanu ndi limodzi. Ndinawerenga kuchokera pamwamba, kenako kuchokera pansi. La malume panalibe.

Adokotala ananenapo ine ndili pomwepo kuti tsiku limodzi lokha likadumphidwa, madzi amadzaza m'chifuwa, mtima n'kulefuka. Malume anatsukidwa komaliza Loweruka. Nthawi yawo pa makina otsuka magazi inali teni koloko, ndipo ukachedwa amaikapo wina.

Ndinaimba foni yawo. Inalira mpaka kuduka. Ndinadziwa kuti aiiwala patebulo, eni ake ali pageti, chifukwa sakonda kudikiritsa dalaivala. Ndinaimbanso.

"Wandakatulo, waona mzukwa?" anafunsa Wamagalasi.

Ndinamuonetsa fayilo ija. Anavuladi magalasi n'kundiyang'ana, koma osati monga ndinkalotera. Atafufuza anapeza kuti dzulo masana seva, kompyuta yosunga mapempho, inakakamira kwa mphindi khumi, ndipo pempho limene linagwera m'mphindi zimenezo linali limodzi lokha. Anaimbira woyang'anira madalaivala, amene anayankha kuti galimoto zonse zili mbali ina ya tauni. Wamagalasi anatola makiyi a kagalimoto kake, ine n'kumutsatira pa masitepe ndikupunthwa.

Ndinali nditalota kambirimbiri nditakhala pampando wakutsogolo umenewo. Tsopano ndinkangoona wotchi. Lole ya mchenga inatitsekera njira ikubwerera chammbuyo, wothandizira wake akukupiza dzanja mosafulumira. M'maganizo ndinkaona malume atagwa pambali pa mpando, chipewa chili m'fumbi, anthu akudutsa akuyesa ndi woledzera. Wamagalasi analankhula kamodzi kokha ulendo wonse.

"Uthenga woumawo akanauwerenga, akanaimba foni dzulo lomwelo."

Tinawapeza pageti, pampando wapulasitiki, atavala jekete yawo yabwino, chikwama cha bulangete chili pamiyendo. Mutu unali utaweramira pachifuwa. Ndinatsika galimoto isanaime bwinobwino. Nditawagwira phewa anadzutsa nkhope. Milomo inali itatuwa, mpweya ukulira m'khosi, akakolo atasefukira pamwamba pa nsapato.

"Ndimadziwa kuti mubwera," anatero. "Munanena kuti mwandimva."

Kuchipatala tinafika teni koloko itapitirira ndi theka. Pa makina awo anali atagonekapo kale mayi wina. Namwino anayamba kutikalipira za kuchedwa, koma atamvetsera chifuwa cha malume anasiyira mawu panjira, n'kuitana mnzake. Anawalowetsa pa njinga ya odwala. Chitseko chinatsekeka, ine chikwama cha bulangete chili m'manja.

Tinakhala pabenchi maola awiri. Chitseko chikatseguka ndinkaimirira, n'kukhalanso. Wamagalasi anatulutsa laputopu n'kuiika pa maondo anga. Ndinachotsa mawu anga okoma aja n'kulemba ena: "Pempho lanu silinafike. Galimoto sibwera. Imbani nambala iyi tsopano." Ndinamutembenuzira sikirini. Anawerenga kawiri, n'kugwedeza mutu kuti nditumize.

Masana namwino anatuluka kudzanena kuti makina apezeka, mpweya wayamba kubwerera, ndipo mkuluyo akufuna bulangete lake. Ndinawapeza atagona, machubu ofiira akuchoka pamkono. Ankauza namwino, mawu akudukaduka, kuti kompyuta ya kuntchito kwa mwana wawo imadziwa kutonthoza munthu.

Ndinawafunditsa mpaka m'khosi.

"Mawu aja ndinalemba ndine, malume. Palibe amene anakumvani."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, makina akuzungulira pambali pawo. Kenako anatseka maso n'kunena kuti ndiwalembere nambala ija papepala, zilembo zikuluzikulu, chifukwa za Loweruka aimba foni.